Pansi pa chikwama cha chitenje tiikepo chani kuti pasalendewere: katoni, stifi, chigubu kapena jinzi?

Chikwama cha chitenje chimaoneka bwino chili chopanda kanthu pa shelefu kapena chitapachikidwa pa msomali mu shopu, vuto limayamba tsiku lomwe mwini wake waikamo foni, chaja, botolo la madzi, Baibulo ndi buku la nyimbo, kachikwama ka ndalama, mwinanso matewera a mwana. Pansi pake pamayamba kulendewera ngati mimba ya mbuzi yokhuta, makona amalowa mkati, ukachiika pa benchi chimagwa cham'mbali zinthu nkumwazika. Ine ndakhala ndikusoka zikwama kwa zaka zingapo tsopano pa makina opalasa a Butterfly omwe anandisiyira azakhali anga, ndipo funso lomwe anzanga osoka amandifunsa pafupipafupi si la zipi kapena la zogwirira ayi, amafunsa kuti pansipa mumaikapo chani kuti chiziima chokha. Nde ndati ndilembe zonse zomwe ndayesapo ndi manja angawa, zomwe zinandikhumudwitsa ndi zomwe ndikugwiritsa ntchito mpaka pano.

Choyamba timvane kaye chinthu chimodzi chomwe ineyo chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. Pansi pa chikwama pali ntchito ziwiri. Pali kulimbitsa nsalu kuti isamakwinyike ndi kutamuka, palinso kunyamula katundu kuti pasapindike pakati. Anthu ambiri timafuna chinthu chimodzi chichite zonsezi, tikamata stifi wokhuthala, uja wolimbitsa kolala ya shati, nkumadabwa kuti botolo la madzi lapindabe pansi, kapena tikaika thabwa nkumadabwa kuti nsalu yang'ambika m'makona. Chomata pa nsalu ndi china, chonyamula katundu ndi china, basi mukasunga zimenezi zotsalazi muzimva mosavuta.

Tiyambe ndi katoni poti ndi amene tonse tinayambira. Ngwaulere, umangopempha pa golosale katoni ya sopo kapena ya mabisiketi, umadula ndi sizasi, singano imadutsa bwinobwino, ndipo tsiku loyamba chikwama chimaima nji ngati cha mu shopu yayikulu. Ine ndinasiya katoni mwezi wa Januwale wina, mvula ili pakati. Mayi ena omwe ndinawasokera chikwama cha kutchalitchi anabwera nacho kunyumba patangotha masabata atatu, mvula inawapeza akuchokera ku mapemphero a Lachinayi ndipo anachiika pansi mu minibasi momwe munali madzi. Pansi pake panali patatupa mbali ina, mbali ina patabowoka, kununkha chuku. Nditasula msoko ndinapeza katoni ija yasanduka phala, yamatirira ku layiningi, utoto wa zilembo za pa katoni utalowerera mu nsalu. Mayiwo sanakalipe, anangoti mwana wanga ndimaganiza kuti chikhalitsa. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa, ndinawasokera china osawalipiritsa ndipo kuyambira tsiku limenelo katoni sinalowenso mu chikwama chogulitsa.

Ena amati ikulungeni katoniyo mu jumbo nkumata ndi selotepi. Ndinayesa. Madzi salowadi msanga koma katoni ikapindika kamodzi mzere uja sumachokanso, pamenepo ndi pomwe izipindikira tsiku lililonse mpaka kuduka, ndipo jumbo imachita phokoso la tswatswatswa munthu akamayenda. Komanso mphemvu zimakonda katoni, chikwama chikakhala mu wodilopu miyezi iwiri mupeza zamangamo. Katoni yolimba ya zikuto za mabuku a hadikava kapena ya kumbuyo kwa kalendala ndi yabwinoko kusiyana ndi ya timizere mkati ija, koma madzi imawaopabe chimodzimodzi. Kwa ine katoni ntchito yake ndi kudulira patani ndi kuyesera saizi, kapena tizikwama toikamo mphatso pa chinkhoswe tomwe tigwira ntchito tsiku limodzi. Kupitirira apo ayi.

Tsopano stifi, uyu woyera womata ndi ayironi yemwe matelala amaika mu kolala ya shati ndi mu lamba wa siketi, m'mashopu a zosokera ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amagulitsa pa mita. Alipo wopyapyala ngati pepala, alipo wokhala ngati nsalu yoluka, aliponso wokhuthala wa kolala. Stifi ndi wofunika, ine chikwama chilichonse ndimamata thupi lonse ndi pansi pomwe, chifukwa chitenje pachokha ndi chofewa ndipo chimatamuka makamaka ukachidula mopingasa. Koma stifi yekha olo mumuike kawiri katatu sanyamula botolo la lita imodzi, lomwe ndi kilogalamu yathunthu itatsamira malo amodzi. Amakwanira pa kachikwama kakang'ono ka m'manja, ka foni ndi lipisitiki, komwe pansi pake mulifupi ndi masentimita 4 kapena 5. Mukafika pa masentimita 10 kapena 12 mulifupi stifi wagonja.

Pa stifi pomwe ambiri timalakwitsa ndi kamatidwe. Chitenje chatsopano chimabwera ndi sitachi, mukamata musanachape guluu uja amagwira sitachiyo osati ulusi wa nsalu, tsiku lochapa koyamba nsalu imafupika pang'ono stifi osafupika, nde pamatuluka matuza aja ooneka ngati khungu lopsa. Chapani kaye, yanikani, sitani, kenako mumate. Pomata osamayendetsa ayironi ngati mukusita malaya, mumaika kansalu konyowa pang'ono pamwamba, kutsindikiza malo amodzi masekondi 10 mpaka 15, kunyamula, kuika pena, ndipo mukamaliza musiyeni azizire ali chigonere musanamugwire. Amene muli ndi ayironi ya magetsi ikani pa madontho awiri, kumeneko ndi kutentha kosapitirira madigiri 150, madontho atatu amafika 200. Ife a simbi ya makala tiziyesa kaye pa kachidutswa chifukwa simbi imatentha mosinthasintha, ndipo zitenje zotchipa zambiri masiku ano zili ndi poliyesita, simbi ikapsa kwambiri zimanyezimira kapena kukwinyika osabwereranso. Chinanso, stifi wokhuthala mudzimudula asafike mu msoko, msiyeni sentimita imodzi kuzungulira, apo ayi makona amatupa ndipo singano imathyoka.

Amene muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku UK mwina munamvapo za Decovil ndi Peltex. Decovil ndi wa Vlieseline, ya kampani ya ku Germany ya Freudenberg, amamata mbali imodzi, ukamugwira amamveka ngati chikopa, amapindika koma amabwerera, ndipo alipo wolemera ndi wopepuka wotchedwa Decovil Light. Peltex ndi wa Pellon ya ku America, wokhuthala ngati feliti youma, nambala 70 ndi wosokerera, 71F amamata mbali imodzi, 72F amamata mbali zonse. Mchemwali wanga ananditumizirako Decovil pang'ono ndipo ndinene zoona, pa chikwama chapakatikati cha ku ofesi kapena cha ku ukwati ndi wabwino kwambiri, amachapika, makina opalasa amamudutsa ndi singano yokhuthala ya saizi 100/16, chikwama chimaoneka cha pamwamba. Peltex yekha akakwinyika potembenuza chikwama amasiya mizere yomwe imafuna nthunzi ya ayironi kuti ichepe. Koma ndi zinthu zoti sungadalire pa bizinesi ya tsiku ndi tsiku kuno, zikatha umadikira munthu wobwera, mtengo wake ukauika pa chikwama kasitomala wa kuno amabwerera pakhomo, komanso pa chikwama chachikulu cha katundu wolemera nazonso zimapindika ndithu. Decovil ndimamusungira maoda apadera.

Chomwe ndimadalira ine ndi chigubu. Eya, chigubu chachikasu cha mafuta ophikira cha malita 20 chija, chomwe chikabowoka anthu amataya kapena kudzalamo maluwa. Amayi okazinga mandasi ndi anyamata a chiwaya amakhala nazo zobowoka, umagula motchipa pena amangokupatsa. Pulasitiki yake ndi mtundu wa HDPE, mukayang'ana kunsi zambiri zimakhala ndi chizindikiro cha makona atatu muli nambala 2. Ubwino wake ndi wakuti siimwa madzi, siichita chuku, mphemvu siziifuna, ukaipinda imabwerera osathyoka, ndipo ndi yopepuka. Chikwama choyamba chomwe ndinaikamo chigubu ndi changa chomwe, ndimapita nacho ku msika, ndaikamo tomato, anyezi, sopo, pena shuga wa makilogalamu awiri, chakwera kabaza kangati kaya, layiningi ndasintha kale kamodzi koma pulasitiki ija ikadali momwemo.

Kukonza kwake nde kumafuna kudekha. Mumadula mbali zikuluzikulu ziwiri zija ndi mpeni wakuthwa kapena kasowo ka zitsulo, kusiya kumakona kokhota ndi kumwamba kwa chogwirira. Zigubu zina zili ndi mizere yotukuka kapena dzina la kampani m'mbali, sankhani zosalala momwe mungathere, chifukwa chotukukacho chimaonekera pa nsalu. Mafuta atsukeni ndi madzi otentha ndi sopo wa ufa kawiri katatu mpaka chala chizichita kwiii mukakhudza, mafuta akatsalira amadzatulukira pa chitenje ngati banga ndipo fungo la mafuta akale silichoka. Chidutswacho chimakhala chokhota pang'ono, nde chivikeni mu madzi owira kwa mphindi zingapo, chitulutseni ndi mphanda kapena pulayala, chiikeni pakati pa matabwa awiri nkusanjikapo njerwa kapena ndowa yodzaza madzi mpaka chizizire. Osachiwongola ndi ayironi kapena pa mbaula, pulasitiki imeneyi imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130, imamatirira ku simbi ndipo utsi wake si wabwino. Kenako jambulani saizi, dulani ndi sizasi yakale osati yodulira nsalu chonde, makona muwazungulize pojambula ndi ndalama yachitsulo kapena chitsekerero cha botolo, nkupala m'mphepete monse ndi sandipepa kapena kukhutiza pa simenti mpaka pasalale. Kona yosongoka ya pulasitiki imaboola layiningi mwezi usanathe, pamenepa musachite ulesi.

Kuipa kwa chigubu kuliponso. Ntchito yotsuka ndi kuwongola imadya nthawi, ngati muli ndi oda ya zikwama 40 za amayi a Mvano mukhala tsiku lathunthu pa zigubu zokhazokha. Mbali imodzi ya chigubu siikwanira chikwama chachitali kwambiri ngati cha ulendo. Makina a kunyumba osayesa kusokera pamwamba pake, ngati mukufuna kuchimangirira boolani timabowo ndi msomali wotentha nkusoka pamanja. Ndipo chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu, petulo, dizilo kapena chomwe simukudziwa munali chani, chisiyeni, mu chikwama anthu amaikamo chakudya ndi zovala za ana. Chomwe chakhalitsa pa dzuwa mpaka kutuwa nachonso ayi, chipindeni kaye ndi manja, chikalira kapena kuonetsa ming'alu chatha ntchito. Za malita 5 ndi zopyapyala, zimakwanira tizikwama tating'ono kapena muphatikize ziwiri. Mabeseni ndi zidebe zosweka ndinayesako koma ndi zokhota kwambiri ndipo zambiri zimakhala zitauma kale ndi dzuwa, zimangothetheka podula.

Chachiwiri pa mtima wanga ndi pulasitiki ya zikwangwani, ija yokhala ngati katoni koma ya pulasitiki, ya timipata mkati, osindikiza zikwangwani amaitchula correx. Imakhala ya mamilimita 3 kapena 4, yopepuka kuposa chigubu, yowongoka kale, umadula ndi naifi ya mapepala mphindi imodzi yatha. Mukapita kwa anthu olemba zikwangwani mukapemphe zidutswa zotsala, pa oda yayikulu iyi ndi imene imandipulumutsa. Chinsinsi chake ndi kolowera timipata tija. Tiziyenda mu utali wa chikwama, kuchokera kumanzere kupita kumanja, chifukwa mbali imeneyo ndi yomwe imakana kupindika. Mukadula mopingasa, timipata tikuyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, chikwama chimathyokera pakati tsiku loyamba. Pa chikwama chachikulu ndimaphatikiza ziwiri, ina timipata mu utali ina mopingasa, apo nde olo muikemo mabuku a ku koleji sichigwedera. Pomwe imagonjera chigubu ndi pakuti munthu akaikhalira kapena ikapanikizika mu buti ya basi nkupindika, mzere uja umatsala ngati wa katoni. Komanso madzi amalowa mu timipatamo, saiwononga koma amachedwa kutuluka, nde m'mphepete ndimamata tepi. Ngati ili ndi zilembo, mbali yolembedwayo iyang'ane pansi ndipo muikute ndi nsalu yakuda.

Zikuto za mafayilo a pulasitiki, timphasa toikira mbale pa tebulo, ndi timapulasitiki topyapyala todulirapo ndiwo, zonsezi zimagwira pa kachikwama ka foni ndi ndalama. Fayilo imodzi ndi yofewa, awiri kapena atatu omatidwa pamodzi bola. Ubwino wake makina amadutsa mukatalikitsa stichi. Kapeti ya pulasitiki ya pansi ija ndi yolemera koma yofewa, siinyamula kanthu, ndinaisiya.

Kwa osoka nsapato kuli zinthu ziwiri zoti muzidziwe. Pali mphira yofewa ngati ya patapata, dzina lake EVA, imagulitsidwa ngati mapepala akuluakulu okhuthala mosiyanasiyana. Siimwa madzi, ndi yopepuka, ndipo imateteza zinthu zikagunda pansi, nde pa chikwama cha laputopu kapena cha kamera ndimaika ya mamilimita 5 pamwamba pa pulasitiki, pulasitiki inyamule mphira iteteze. Payokha imapindika, ndipo katundu wolemera akakhalitsa malo amodzi imasiya dzenje. Chachiwiri ndi bolodi yomwe amaika mkati mwa nsapato popondera. Ndi yolimba bwino, imasokeka, imadulika mosavuta ndipo imapirira chinyezi kuposa katoni, koma yambiri imapangidwa kuchokera ku zinthu za mapepala, kuivika mu beseni kangapo imafewa. Ngati muigwiritsa ntchito ikhale yochotseka pochapa. Pomata zinthu zimenezi guluu wa nsapato ndi amene amagwira, pakani mbali zonse, dikirani aume pang'ono kenako phatikizani, ndipo chitirani panja chifukwa fungo lake limapweteketsa mutu.

Siponji yopyapyala ya makushoni imapangitsa chikwama kuoneka chonenepa ndi chofewa, m'mbali ndi yabwino mukaisokerera mizere, koma pansi siithandiza kanthu, imamwa madzi ngati chinkhupule nkumauma masiku awiri.

Pali makasitomala ena omwe safuna chilichonse cholimba, amafuna chikwama choti achape chonse mu beseni, achifinye, achiyanike, achipinde nkuchiika mu sutikesi. Amayi a ana aang'ono ambiri ndi otere ndipo ndimawamvetsa, mu chikwama cha mwana mumatayikira phala ndi mkaka tsiku ndi tsiku. Apa nde jinzi ya pa kaunjika imalowa. Mumagula jinzi yong'ambika yomwe palibe akuifuna, yokhuthala yosatamuka, kudula zidutswa zitatu kapena zinayi, china mu utali china mopingasa, kusanjikiza nkusoka mizere yotalikirana sentimita imodzi, kenako mizere ina yodutsana nayo. Mizereyo ndi imene imalimbitsa, mukaichulukitsa chimauma ngati chikopa. Singano ikhale 100/16 kapena 110/18, ndipo zidutswa zamkatizo zichepe ndi sentimita imodzi kuti mu msoko mulowe chimodzi chokha. Pansi pa jinzi sipathyoka, sipaboola layiningi, sipachita phokoso, ndipo pamakhalitsa kuposa chitenje chenichenicho. Koma tisanamizane, sipawongoka ngati pulasitiki, katundu akalemera pamachita kamimba pang'ono, pamadya ulusi wambiri ndi miyendo popalasa, ndipo nthawi ya mvula pamachedwa kuuma. Jinzi yatsopano kapena yakuda kwambiri ichapeni kaye isadzasuluke pa chitenje choyera.

Thumba la shuga kapena la mpunga lolukidwa ndi pulasitiki ena amaliika pakati pa zidutswa za jinzi kapena kulipinda kanayi nkulisoka lokha. Limathandiza kuti pansi pasatamuke ndipo madzi silisamala, koma limasosoka m'mphepete, limalira, ndipo ayironi ikaligunda limakwinyika pompo. Ine ndimaliika mu zikwama za ku msika zokha. La feteleza ndimalipewa ngakhale litatsukidwa.

Thabwa, kaya pulayiwudi ya mamilimita 3 kaya hadibodi, ndi lolimba kuposa zonse, zimenezo palibe angatsutse. Ndinaikapo mu chikwama cha bambo ena okonza mawayilesi ndi mafoni chomwe amanyamuliramo zipangizo, pamenepo linagwira ntchito. Koma mu chikwama cha mayi choyenda nacho pa phewa limalemera, limagunda m'chiuno poyenda, m'mphepete mwake mumadya nsalu, hadibodi ikanyowa imatupa nkuyamba kufumbutuka, pulayiwudi imasendeka. Ngati mwakakamizika palani makona bwinobwino, pakani vanishi nkulikuta ndi nsalu ziwiri.

Tsopano nkhani yomwe kwa ine imaposa kusankha kwa chinthucho: musachitsekere mkati. Kale ndinkasokerera cholimbitsacho pakati pa chitenje ndi layiningi, chikawonongeka umayenera kusula chikwama chonse, ndipo potembenuza chikwama kudzera pa kabowo ka layiningi chinthu cholimba chimapindika kapena kung'amba msoko. Pano ndimapanga chochotseka. Thupi ndi pansi ndimamata stifi, chikwama ndimasoka chonse nkumaliza, kenako ndimayeza pansi pake mkati chikwama chitatha, osati pa patani ayi chifukwa misoko imadya malo. Ngati mkati mwatuluka masentimita 30 kwa 10, pulasitiki ndimadula 29 kwa 9, theka la sentimita kuchepa mbali iliyonse. Ikakula imakankha misoko nkukhota ngati uta, ikachepa kwambiri imayendayenda makona nkugwa. Ndikatero ndimaisokera kathumba ka nsalu ya layiningi yomweyo ngati pilokesi, kothina, mbali imodzi yotseka pamanja kapena yongopindira mkati, nkuigoneka pansi. Munthu akayang'ana mkati amangoona nsalu yofanana. Tsiku lochapa amachotsa, kuchapa chikwama, kupukuta pulasitiki, kubwezera.

Ena amadandaula kuti chochotseka chimatembenuka chikwama chikagwa kapena chimasowa. Zoona zimachitika, makamaka mu chikwama chofewa m'mbali. Njira yake ndi kusokerera kathumbako ku msoko umodzi wa layiningi, mbali yayitali, kuti kazitseguka ngati chitseko koma osachoka, pulasitiki yokha nkumasololoka. Kapena ikani timabatani tomata tiwiri. Amene mumakonda timiyendo tachitsulo tija toika kunsi kuti chikwama chisakhudze pansi, dziwani kuti timafuna chinthu cholimba choti tigwire, pa stifi yekha timang'amba nsalu, nde pamenepo pulasitiki iyenera kukhala yokhazikika, muilowetse pomaliza kudzera pa bowo la layiningi, muboole, mupinde timapazi take mkati nkumatapo kachidutswa ka jinzi kuti tisakande layiningi. Chikwama chotero muwauze eni ake kuti ndi chopukuta ndi kansalu konyowa, osati chovika.

Kunja kwa pansi nakonso kuganizireni, poti ndi komwe kumakhala pa fumbi, pa simenti ya mu tchalitchi, pansi pa mpando wa minibasi. Chitenje pamenepo chimatha msanga, makamaka mkati mukakhala chinthu cholimba chomwe chikuchikhutiza pansi. Ine ndimaika jinzi, kanivasi kapena chikopa chenicheni ngati kasitomala alipira. Lekizini, nsalu ya pulasitiki yooneka ngati chikopa ija, imaoneka bwino poyamba ndipo imapukutika, koma yotchipa imasendeka m'makona chaka chisanathe.

Nde mukandifunsa kuti pa chikwama chakuti ndiike chani, ndimayamba ndafunsa kuti mwini wake aziikamo chani ndipo azichapa bwanji. Kachikwama ka m'manja ka pa ukwati, stifi wa kolala kawiri kapena fayilo ya pulasitiki zakwana, Decovil ngati alipo. Cha ku ofesi kapena kutchalitchi, stifi pa nsalu ndi chigubu chochotseka. Cha mwana, jinzi yosokerera, ndipo ngati mayi akufuna chiziima ndimawonjezera pulasitiki yoti azichotsa. Cha laputopu, pulasitiki ya zikwangwani ziwiri zopingasana ndi mphira pamwamba. Cha ku msika, jinzi ndi thumba, kapena chigubu ngati akufuna mazira ndi tomato zisaphwanyike. Cha ulendo chachitali, pulasitiki ya zikwangwani poti chigubu sichifika. Musanadule zambiri pangani chimodzi, ikanimo mabotolo awiri a madzi, chipachikeni pa msomali usiku wonse, mamawa muone pansi pake, kenako chivikeni mu beseni muone chomwe chichitike.

Sabata ino ndili ndi oda ya zikwama 12 za aphunzitsi, aziikamo makope a ana okachonga kunyumba, nde ndi katundu wolemera ndithu. Pansi pake ndi masentimita 34 kwa 12, zigubu zomwe ndili nazo sizikufika bwino pa 34, choncho dzulo ndinakatenga zidutswa kwa olemba zikwangwani, ndiphatikiza ziwiriziwiri, kunja ndiika jinzi yakuda. Mu chikwama chilichonse ndimaikamo kapepala kolemba pamanja kuti chotsani cha pansichi musanachape, ndipo chikadzathyoka bwerani nacho ndidzakudulireni china.